Nkhawa Ikakula Munthu Atangoyamba Mankhwala a Matenda Okhumudwa

Tikuthokoza Allah Subhaanahu wa Ta'ala amene watipatsa moyo ndi nzeru, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Ambiri mwa ife Asilamu okhala kuno ku Msongwe, mumzinda wa Mzuzu, kwathu ndi kunyanja: ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi. M'bale akadwala kumudzi ndi kutumizidwa ku Mzuzu kudzaonana ndi madokotala, amafikira m'nyumba zathu. N'chifukwa chake pali chinthu chimene tachiona mobwerezabwereza. Munthu amene wakhala miyezi ali ndwii, osadya, osagona, osafuna kuona anthu, amapatsidwa mankhwala kuchipatala. Banja limapumira m'mwamba. Koma pakapita masiku atatu kapena anayi, wodwala uja amayamba kunjenjemera, mtima kugunda mothamanga, usiku kumangoyendayenda m'nyumba. Apa abale amathamangira kumzikiti kudzanena kuti: “A Shehe, mankhwala aja amuonjezera matenda. Mwina si za kuchipatala izi, ndi ziwanda.” Nthawi zina pofika kwa ife amakhala atataya kale mankhwala aja kuchimbudzi.

Ife si madokotala, ndipo nkhaniyi sikulowa m'malo mwa dokotala wanu. Tasonkhanitsa zimene azaumoyo amaphunzitsa pa nkhaniyi, ndi zimene Deeni yathu ikunena, kuti banja lidziwe kusiyanitsa nkhawa yongodutsa ndi chizindikiro choopsa.

Matenda ake ndi mankhwala ake

Matenda okhumudwa, amene azachipatala amawatcha depression, amasiyana ndi chisoni cha tsiku limodzi. Munthu amakhala masabata awiri kapena kuposerapo ali wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene ankazikonda osazifunanso, thupi lofooka, tulo ndi chilakolako cha chakudya zitasokonekera, ndipo amadziona ngati wopanda ntchito. Kwathu timangoti “akuganiza kwambiri”. Ambiri amafika kuchipatala akudandaula mutu, mtima kapena m'mimba, pomwe gwero lili m'maganizo.

Si aliyense wodwala matendawa amene amapatsidwa mapiritsi. Akakhala ocheperako, uphungu ndi thandizo la abale zimatha kukwanira. Akakula, dokotala amaonjezera mankhwala otchedwa antidepressant. M'zipatala za m'dziko muno awiri odziwika kwambiri ndi amitriptyline ndi fluoxetine. Amitriptyline ndi wakale, anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1961, ndipo amamwedwa usiku chifukwa amagonetsa. Fluoxetine anavomerezedwa ku America mu 1987, anatchuka ndi dzina la Prozac, ndipo amamwedwa m'mawa chifukwa ena amawasowetsa tulo. Ena amapatsidwa sertraline, amene ali m'gulu limodzi ndi fluoxetine. Mankhwala omwewa amaperekedwanso kwa odwala matenda a nkhawa ndi mantha adzidzidzi.

Chimene chimachitika m'masiku oyamba

Anthu ambiri amayamba mankhwalawa popanda vuto lalikulu. Koma pali ena amene m'sabata yoyamba kapena yachiwiri nkhawa imakula kuposa mmene inalili. Amamva mtima kugunda mothamanga, manja kunjenjemera, thukuta, mantha osadziwika kumene achokera, kupsa mtima pa kanthu kakang'ono, ndi kusowa tulo. Ena amaonjezera nseru, mutu ndi kutsegula m'mimba.

Izi si zachilendo kwa madokotala. Mu 1988 gulu la madokotala a ku America lotsogozedwa ndi Robert Pohl linalemba za vutoli pakati pa odwala mantha adzidzidzi amene anali atangoyamba mankhwalawa, ndipo linalitcha jitteriness syndrome, kutanthauza kusakhazikika kwa thupi ndi mtima. Amene amakumana nalo kawirikawiri ndi iwo amene anali kale ndi nkhawa yaikulu kapena mantha adzidzidzi, ndi iwo amene ayambira pa mlingo waukulu wa mankhwala.

Kwa ambiri, kusakhazikikaku kumachepa kokha m'kati mwa sabata imodzi kapena awiri, thupi likazolowera. Koma ubwino wa mankhwalawo umachedwa. Umayamba kuoneka pakatha masabata awiri mpaka anayi, ndipo kwa ena mpaka asanu ndi limodzi. Vuto lonse lagona pamenepa: zowawa zimafika msanga, phindu limabwera pambuyo. Amene sanauzidwe zimenezi amaona ngati wanamizidwa, ndipo amasiya mankhwala nthawi yomwe anatsala pang'ono kuyamba kupeza bwino.

Chifukwa chake

Maselo a muubongo amatumizirana uthenga pogwiritsa ntchito timadzi tapadera. Kena mwa timadziti ndi serotonin, amene amakhudza mmene tikumvera mumtima, tulo, chilakolako cha chakudya ndi mantha. Fluoxetine ndi anzake amaletsa maselo kubweza msanga serotonin amene atulutsa, kotero amachuluka pakati pa maselowo m'maola ochepa chabe munthu atamwa piritsi loyamba. Amitriptyline amachita chimodzimodzi, komanso amaonjezera kamadzi kena kotchedwa noradrenaline, kamene kamathamangitsa mtima munthu akadzidzimuka.

Ubongo sukonzekera kusintha kwadzidzidzi kotere. Mbali zake zimene zimachenjeza munthu za ngozi zimatha kudzuka mopitirira, ndipo munthu amamva ngati pali choopsa pomwe palibe. Pang'onopang'ono maselo amasintha mmene amalandirira uthengawo, ndipo kusinthaku ndi kumene kumatenga masabata. Serotonin wambiri m'thupi amapezekanso m'matumbo, n'chifukwa chake nseru ndi kutsegula m'mimba zimabwera nthawi yomweyi.

Amene anakonzapo chitsime akudziwa kuti ukangoyamba kuchotsa matope, madzi amavunduka kuposa poyamba. Wobwera nthawi imeneyo anganene kuti waononga chitsime. Koma ukadikira, madzi amadikha n'kuyera. Masabata awiri oyamba a mankhwalawa ali ngati nthawi ya madzi ovunduka.

Pofuna kuchepetsa vutoli, madokotala amayambira pa mlingo wochepa. Malangizo a bungwe la World Health Organization otchedwa mhGAP amati wamkulu ayambe fluoxetine pa 10 mg tsiku lililonse kwa sabata imodzi, kenako 20 mg, ndipo amitriptyline ayambe pa 25 mg pogona. Manambalawa tawalemba kuti mumvetse chifukwa chimene dokotala amasinthira mlingo pakapita masiku. Wosankha mlingo wa wodwala wanu ndi dokotala yekha, poona msinkhu ndi matenda ena amene ali nawo.

Zoyenera kuchita pakhomo

Choyamba, musasiye mankhwala panokha, musachepetse, ndiponso musaonjezere poganiza kuti achira msanga. Ngati nkhawayo ndi yopiririka, pitirizani ndi kudikira tsiku lobwerera kuchipatala. Ngati yakula moti wodwala sakugona kapena sakudya, bwererani tsikulo lisanafike. Dokotala angachepetse mlingo, angasinthe nthawi yomwera, kapena angasinthe mtundu wa mankhwala. Nthawi zina amapereka mankhwala ena okhazika mtima pansi monga diazepam kwa masiku ochepa. Amenewa thupi limawazolowera msanga, choncho musawagule pamsika kapena kupempha kwa anzanu.

Chachiwiri, chepetsani tiyi wamphamvu, khofi, zakumwa za kola ndi zakumwa zopatsa mphamvu za m'mabotolo. Zonsezi zili ndi caffeine amene amathamangitsa mtima ndi kuchotsa tulo. Kuno ku Mzuzu kumazizira ndipo tiyi sachoka pamoto, koma wodwala wathu m'patseni phala kapena tiyi wopepuka, makamaka madzulo. Mayi Aisha, Allah asangalale nawo, ankalangiza kuti odwala ndi ofedwa apatsidwe talbina, phala lofewa la ufa wa balere, ndipo ananena kuti anamva kwa Mtumiki kuti limapepuza mtima wa wodwala. Phala silichiza matendawa, koma kumwa mankhwala m'mimba muli kanthu kumachepetsa nseru.

Chachitatu, muuzeni dokotala mankhwala onse amene wodwala akumwa: ma ARV, a BP, a shuga, a khunyu, opha ululu monga tramadol, ngakhalenso azitsamba. Mayi woyembekezera, woyamwitsa, kapena munthu wodwala mtima anene zimenezi asanayambe.

Chachinayi, samalani ntchito zoopsa. Amitriptyline amagonetsa, amaumitsa kukamwa ndipo amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira. Msodzi wopita usiku ku usipa, woyendetsa kabaza kapena minibasi apume kaye masiku oyamba mpaka adziwe mmene thupi lake lalandirira mankhwalawo.

Chachisanu, musamusiye yekha. Pakhale munthu mmodzi wamkulu wosunga mankhwala ndi kumupatsa tsiku lililonse. Lembani m'kope tsiku limene anayamba ndi mmene akugonera, akudyera ndi kumvera. Kopelo lidzathandiza dokotala, komanso lidzakuonetsani inu eni kuti tsiku la 12 lapepukako poyerekeza ndi tsiku la 4. Yendani naye pang'ono masana, mupite naye kumzikiti ngati angathe, ndipo mumukumbutse mofatsa kuti zimene akumvazi zimadziwika ndipo zimatha.

Zizindikiro zosafunika kudikira

Pali zinthu zimene simuyenera kunena kuti “zidutsa”. Mukaona chimodzi mwa izi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Wodwala akamalankhula zofuna kufa, kudzipha, kutsanzika, kugawa katundu wake, kapena kunena kuti banja lipuma iye akachoka.

Akamalephereratu kukhala pansi, miyendo ikumukakamiza kuyendayenda, iye akuvutika nazo kwambiri. Vutoli madokotala amalitcha akathisia, ndipo limatha kumufikitsa munthu podzipweteka.

Akasintha n'kukhala ndi mphamvu zodabwitsa: masiku angapo osagona koma osatopa, kulankhula kosalekeza, kumwaza ndalama, kudziona ngati munthu wamkulu kwambiri. Ichi chingakhale chizindikiro cha matenda ena otchedwa bipolar, amene mankhwala ake ndi osiyana.

Akatentha thupi, minofu ikugwedezeka yokha, thukuta lili kamukamu, mutu wasokonezeka. Izi zimachitika serotonin akachuluka mopitirira, makamaka ngati waphatikiza ndi mankhwala ena monga tramadol.

Akakomoka, akagwa khunyu, akatupa nkhope kapena milomo, akatuluka zidzolo thupi lonse, kapena akamwa mapiritsi ambiri nthawi imodzi. Amitriptyline wambiri amasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo amapha, ngakhale munthuyo akuoneka bwino poyamba.

Achinyamata amafunika diso lapadera. Mu 2004 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linalamula kuti pa mankhwala onse a mtunduwu palembedwe chenjezo lakuti maganizo ofuna kudzipha angakule mwa ana ndi achinyamata m'masabata oyamba, ndipo mu 2007 linaonjezera a zaka 18 mpaka 24. Chenjezoli silikuti achinyamata asalandire thandizo, pakuti matenda okhumudwa osachizidwa nawo amapha. Likuti tiwayang'anire. Ife amene timaphunzitsa kumadrasa ndi kusekondale tikupempha makolo kuti mwana akayamba mankhwalawa, makamaka nthawi ya mayeso a MSCE kapena ngati ali kusukulu yogonera konko, mphunzitsi mmodzi wodalirika adziwe, ndipo asunge chinsinsi.

Musaope kumufunsa wodwala mwachindunji kuti: “Kodi ukuganiza zodzipha?” Funsoli silimupatsa maganizowo. Limamutsegulira khomo lolankhula. Ndipo chotsani pafupi naye mankhwala a makoswe, mankhwala a m'munda ndi osungira chimanga, zingwe ndi mapiritsi ena onse.

Kodi ndi ziwanda kapena kuchepa kwa Imaan?

Timakhulupirira kuti majini alipo, ndipo Ruqyah yochokera m'Qur'an ndi ma dua a Mtumiki ndi yololedwa. Koma ngati kunjenjemera kwayamba patangopita masiku ochepa munthu atayamba piritsi latsopano, nzeru imene Allah watipatsa ikutiuza kuti tiyambe tafunsa amene anapereka piritsilo. Muwerengereni wodwala Qur'an, mumupangire dua, mankhwala akumwa. Ziwirizi sizilimbana. Chenjerani ndi aliyense, kaya ndi sing'anga kaya wovala mkanjo ndi chisoti, amene akukuuzani kuti mutaye mankhwala akuchipatala kuti iye agwire ntchito yake, makamaka akamatchula ndalama zambiri.

Chisoni chachikulu sichitanthauza kuti Imaan yachepa. Surat Yusuf ikutifotokozera za Mneneri Ya'qub, mtendere ukhale pa iye, amene analira mwana wake mpaka maso ake anachita khungu, pomwe anali Mneneri wopirira. Chaka chimene Mtumiki wathu, Swalla Allahu alaihi wasallam, anataya mkazi wake Khadijah ndi bambo ake aakulu Abu Talib chimadziwika m'mbiri ya Chisilamu kuti Chaka cha Chisoni. M'mabuku a Hadith a Bukhari ndi Muslim timaphunzira kuti Allah anaika mankhwala pa nthenda iliyonse. Mtumiki analamulanso maswahaba kufunafuna chithandizo. Kwa Tirmidhi timapeza nkhani ya munthu amene anafunsa ngati amange ngamira yake kapena angoyadzamira kwa Allah, ndipo anauzidwa kuti achite zonse ziwiri. Kumwa mankhwala ndi kubwerera kuchipatala ndiko kumanga ngamira.

Ngakhale ophunzira akale a Chisilamu ankadziwa za matendawa. Abu Zayd al-Balkhi, amene anamwalira mu 934, analemba buku la thanzi la thupi ndi la mzimu lotchedwa Masalih al-Abdan wa al-Anfus. Mmenemo anasiyanitsa chisoni chimene gwero lake likudziwika, monga maliro kapena kutaya chuma, ndi chisoni chogwera munthu popanda chifukwa chooneka, chimene anati chimachokera m'thupi ndipo chimafuna chithandizo cha thupi. Papita zaka zoposa 1,000 Msilamu ameneyu atalemba zimenezi, ndiye ife tisachite manyazi ndi piritsi.

Wodwala amene akulephera kudekha pa Swala m'masiku amenewa asadzione ngati wochimwa. Sahaba Imran ibn Husayn atadwala, Mtumiki anamuloleza kuswali chokhala ngati sangathe kuimirira, ndi chogona cham'mbali ngati sangathe kukhala. Swalini mmene mungathere, ndi ma Surah aafupi. Allah akudziwa chimene chili mumtima.

Mafunso amene timafunsidwa kawirikawiri

Kodi mankhwalawa saledzeretsa? Ayi. Salanda nzeru ngati mowa kapena chamba, ndipo munthu sawalakalaka kuti azionjezera. Choncho sali m'gulu la zoledzeretsa zimene Deeni yaletsa. Koma kuwasiya mwadzidzidzi pambuyo pomwa nthawi yaitali kumatha kubweretsa chizungulire, nkhawa ndi kusowa tulo. Posiya, dokotala amachepetsa pang'onopang'ono.

Nanga makapisozi? Ena amakayika chifukwa chikopa cha kapisozi chimapangidwa ndi gelatin, amene angachokere ku nyama yosaloledwa. Mu 1995 ma Ulama ndi madokotala atakumana ku Kuwait pansi pa bungwe la Islamic Organization for Medical Sciences anagamula kuti gelatin wasintha chilengedwe chake ndipo ndi wololedwa. Alipo ma Ulama ena amene amaona mosiyana, koma nawonso amalola pamene pali kufunika kwa chithandizo ndipo palibe china cholowa m'malo. Ngati mtima ukukayikabe, funsani kuchipatala ngati alipo a mtundu wa piritsi. Musasiye kumwa.

Nanga mwezi wa Ramadhan? Kumeza piritsi masana kumamasula Swaum. Koma mankhwalawa nthawi zambiri amamwedwa kamodzi patsiku, choncho dokotala angakuuzeni kumwa fluoxetine pa daku, kapena amitriptyline usiku mutamasula. Funsani mwezi usanayambe. Ngati mukuyamba kumene mankhwala m'mwezi umenewu ndipo njala, ludzu ndi kusowa tulo zikukulitsa nkhawa, Surat Al-Baqarah, Ayah 184 ndi 185, yapereka chilolezo kwa wodwala kumasula ndi kudzabweza masikuwo. Womwa amitriptyline asamale poimirira nthawi yaitali pa Taraweh chifukwa cha chizungulire.

Ndimwa mpaka liti? Malangizo a mhGAP a mu 2016 anati munthu apitirize kwa miyezi 9 mpaka 12 atapeza bwino. Kusiya msanga poti “ndachira” ndi chimodzi mwa zifukwa zimene matendawa amabwererera.

Kokapeza thandizo

Kuno ku Mzuzu kuli chipatala cha St John of God chimene chakhala chikuthandiza odwala matenda a maganizo kuyambira m'zaka za m'ma 1990, komanso Mzuzu Central Hospital. Abale akunyanja ayambire pa chipatala chaching'ono cha kwawo kapena pa chipatala cha boma cha Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima kapena Mangochi, ndipo afunse namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Odwala kwambiri a m'chigawo cha kummwera amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital.

Ena amafunsa ngati n'kololedwa Msilamu kukalandira thandizo pa chipatala cha mpingo wa Chikhristu. N'kololedwa. Ma Ulama amavomereza kuchizidwa ndi dokotala wodziwa ntchito yake ndi wokhulupirika ngakhale asakhale Msilamu.

Pali chinthu chinanso chimene chimaonongetsa chithandizo: wodwala amabwerera kunyanja patangopita masiku ochepa atayamba mankhwala, ndipo nkhawa ija imamupezera kumudzi, kutali ndi amene anamulembera. Ngati n'kotheka, akhale kaye pafupi ndi chipatala mpaka tsiku loyamba lobwerera litadutsa. Ngati sizingatheke, anyamule buku lake lakuchipatala, adziwe dzina la mankhwala ake, afunse kumene azikatengera ena akatha, ndipo wachibale amene amve malangizo a dokotala akhale yemweyo wokamusamalira kumudzi.

Abale ndi alongo, wodwala matenda okhumudwa amafika pa piritsi loyamba atatopa kale. Nkhawa ikakula m'masiku oyamba, amafuna munthu womuuza modekha kuti: “Izi timaziyembekezera, tiye tipirire limodzi, ndipo zikakula tibwerera kuchipatala.” Kumuzonda ndi kumusamalira wodwala ndi udindo umene Msilamu ali nawo pa Msilamu mnzake. Tikumupempha Allah achize odwala athu onse, apereke Swabr kwa owasamalira, ndipo adalitse manja a onse ogwira ntchito m'zipatala. Ameen. Allah ndiye Wodziwa bwino koposa.